Chithunzi cha malemu chinatsala mu kompyuta

Shopu yathu ndi kachipinda kamodzi ku Ndirande, chakufupi ndi msika. Tinayamba ndi kompyuta ya kaunjika ndi makina a fotokope omwe ankatentha ngati mbaula dzuwa likafika paliwombo. Poyamba inali ntchito yotayipa makalata ofunsira ntchito basi. Pang'ono ndi pang'ono anthu anayamba kubwera ndi makadi a chinkhoswe, a ukwati, mapulogalamu a maliro, ndipo chaka chikamapita kumapeto, makalendala a makwaya. Zonsezi ndinkapangira mu pulogalamu ya kompyuta ya CorelDRAW ngati anzanga ambiri mu Blantyre muno. M'menemo ukalowetsa chithunzi chimakhazikika m'failo momwemo, ukanyamula failo wanyamula zonse.

InDesign anandiphunzitsa mkulu wina amene anagwirapo ntchito yoyala masamba a nyuzipepala masiku a PageMaker, pulogalamu yomwe kampani ya Adobe inadzailowetsa m'malo ndi InDesign itatuluka mu 1999. Anandionetsa kuyala timabuku ta masamba ambiri, ndipo ndinaikonda. Za malinki, zolumikiza tsamba ndi failo ya chithunzi, ananenapo, koma ine maganizo anali pa mitundu ndi zilembo zokongola.

Tsiku lina chakumadzulo kunabwera bambo wina, maso ali psuu. Abambo awo anali atamwalira, thupi linkanyamuka m'mawa mwake kupita ku Chiradzulu. Ankafuna kabuku ka mwambo wa maliro, masamba 8, chithunzi cha malemu pachikuto. Ndinachijambula pa sikana, ndinayala masamba mpaka usiku, iwo anaona pa kompyuta n'kuvomera. M'mamawa ndinakopera failo ya InDesign yokha pa fulashi n'kukwera minibasi ya ku Limbe, poti makina athu sankatulutsa zamitundu. Kumeneko failo itatsegulidwa panatuluka kabokosi kochenjeza. Mnyamata wa pamakina anandiyang'ana, ine ndi changu changa ndinati, "Ingodinani OK, achimwene, galimoto ya maliro ikudikira."

Timabuku titatuluka, zilembo zinali bwinobwino koma nkhope ya malemu inali mbuu, timabokosi tokhatokha. Ndinapita nato choncho, ndikudzinamiza kuti mwina sazindikira. Bambo aja anatenga kamodzi, anakayang'ana nthawi yaitali, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, awa si bambo anga." Sanakalipe ayi, ndipo bola akanakalipa. Ndinathamangira kushopu, ndinabwereranso ku Limbe, ndinasindikizanso ndi ndalama zanga, timabukuto tinakafika kwa anamfedwa ali panjira kudzera pa minibasi.

Madzulo ake ndinapita kwa mkulu uja. Anaseka pang'ono, kenako anati, "Mphwanga, chimene umaona pa sikirini si chithunzi, ndi mthunzi wake." InDesign ukaika chithunzi ndi Ctrl+D, siimeza chithunzicho. Imasunga kachithunzi kopepuka kongoonera, n'kulemba adiresi ya kumene chenichenicho chili. Nthawi yosindikiza imatsata adiresi ija. Ikapeza kuti kulibe, imatulutsa mthunzi womwewo. Chithunzi cha malemu chinali chitatsala mu kompyuta ku Ndirande, ine ndinapita ku Limbe ndi adiresi yokha.

Anandidinitsa Ctrl+Shift+D, panatseguka Links, mndandanda wa zithunzi zonse za m'kabuku. Chizindikiro chofiira chokhala ndi funso chimatanthauza kuti chithunzi chasowa, chachikasu cha makona atatu ndiye kuti wina wachisintha chiikireni. Ukasankha dzina la chithunzi n'kutsegula Link Info m'munsi mwake, pamzere wa Path pamaoneka njira yonse, kuyambira pa C: mpaka foda yake. Ukadina kumanja n'kusankha Reveal in Explorer, foda ija imatseguka yokha. Ngati chinasamuka, Relink ndi yoilozera kwatsopano. Nditayang'ana ntchito zanga zakale ndinachita manyazi: zithunzi zina zinali mu Downloads, zina pa Desktop, zina pa fulashi ya kasitomala amene anapita nayo kalekale. Fulashinso njachinyengo, lero kompyuta iitcha E: mawa F:, malinki onse n'kuduka.

Kuchokera apo kasitomala aliyense ali ndi foda yake, ndipo chithunzi sichilowa pa tsamba chisanalowe m'fodamo. Ntchito ikamapita kwa osindikiza timatumiza PDF, ndipo akafuna failo yeniyeni timapanga File, Package, yomwe imasonkhanitsa zithunzi zonse mu foda ya Links pamodzi ndi mafonti. Mu Link Info momwemo timaonanso Effective PPI, nambala yosonyeza ngati chithunzi chituluke chooneka bwino posindikiza. Ikatsika kwambiri pansi pa 300 timamuuziratu mwiniwake. Apa ndiye pamakhala mkangano ndi azimayi a makwaya, chifukwa zithunzi zawo zimabwera pa WhatsApp zitafinyidwa kale. "Mayi, tumizani ngati document," ndimatero mwina kasanu patsiku. Ena amamva, ena amati pafoni pawo chikuoneka bwino, vuto ndi makina athu.

Mwana wa achemwali anga, amene tsopano amakhala pa kompyuta yachiwiri, amakonda Scribus, pulogalamu ina yoyalira masamba, poti njaulere. Nayonso imasunga adiresi chabe. Iye amayang'ana pa Extras, Manage Images, ndipo posonkhanitsa amadina Collect for Output. Ndinamuuza nkhani ya ku Limbe tsiku loyamba, asanagwire n'komwe mbewa ya kompyuta.

Bambo aja anabweranso patatha chaka ndi miyezi, akufuna pulogalamu yovundukula chiliza. Chithunzi choyambirira chinali chitanyowa ndi mvula kumudzi, ndiye anafunsa mokayika ngati ndikadali nacho. Ndinatsegula kabuku ka maliro kaja, ndinadina Reveal in Explorer, foda inatseguka. Anasendera pafupi ndi sikirini, anavula chipewa, n'kundipempha kuti ndiwasindikizirenso china chachikulu choika m'felemu.