Kabolodi kolumikiza mikisa ndi laputopu: zomwe zinadya sabata yonse

Ntchito ya sabata ino inali kumanga timabolodi tisanu totenga mawu pa mikisa kuwalowetsa mu laputopu kudzera pa USB, ndi kubwezanso a mu laputopu kupita ku mikisa. Ozifuna ndi ojambula makwaya ndi matchalitchi oulutsa mapemphero pa Facebook. Ambiri amayamba n'kulowetsa waya wa mikisa pa kabowo ka maikolofoni ka laputopu, mawu n'kumatuluka osweka, mbali imodzi yokha, kuphatikiza phokoso pansi pake. Kabowo kameneko sanakapangire mphamvu yochokera pa mikisa.

Mtima wa bolodili ndi IC, kachipangizo kakang'ono ka miyendo yambiri, ya PCM2902C ya Texas Instruments (TI), ya m'banja la ma IC a Burr-Brown, kampani imene TI inagula mu 2000. Ili ndi miyendo 28, yotalikirana 0.65 mm. Mkati mwake muli zonse: chosandutsa mawu kukhala manambala, chobweza manambala kukhala mawu, ndi gawo lolankhula ndi kompyuta pa liwiro la 12 Mbps. Imagwira 16-bit mpaka 48 kHz, mbali ziwiri zolowa, ziwiri zotuluka. Simulembamo pulogalamu, ndipo Windows, Linux ndi macOS zimaizindikira popanda driver wapadera. Anthu akamva zoti "digital" amaganiza kuti chovuta chili pamenepo. Ayi ndithu. Gawo limenelo linatha Lachiwiri. Masiku otsalawo anadyedwa ndi magetsi, ground ndi kukula kwa mawu.

Mabolodi opanda kanthu anali atafika kale kuchokera ku fakitale ya ku China, ojambulidwa pa KiCad, a mbali ziwiri, kunsi konse kuli mkuwa wa ground wosadukizadukiza. Lolemba linali loyeza basi: mita itaikidwa pa kabelu kolira mawaya akakhudzana, kuona kuti 5 V sikukhudzana ndi ground, kuti D+ ndi D-, mawaya awiri a data a USB, sizinagundane, kenako kusanja zipangizo m'timapepala tolembedwa.

Powotcherera timayamba ndi IC, bolodi likadali lafulati. Chowotcherera chikhale pa 330 °C kapena cha pomwepo ngati mtovu ndi wa 60/40. Pakani flux wokwanira, mankhwala othandiza mtovu kuyenda ndi kugwira, khazikani IC mwendo woyamba uli pa kadontho kake, gwirizani miyendo iwiri ya m'makona oyang'anizana, yang'anani pa galasi lokulitsa ngati yonse yakhala pa malo ake. Ikakhala bwino, tengani mtovu pang'ono kunsonga ndi kukoka mzere wonse kamodzi. Miyendo ikalumikizana, musawonjezere moto. Ikani flux wina ndi kuyamwa mtovu wotsalawo ndi kaluko ka mkuwa. Wovutitsa kawirikawiri ndi mtovu wobisala pakati pa mwendo 1 ndi 2, chifukwa imeneyo ndiyo D+ ndi D-.

Zozungulira IC si zambiri. Pa D+ ndi D- pali ma resistor a 22 ohm, limodzi pa waya uliwonse, pafupi ndi IC. Kuchokera pa D+ kupita ku 3.3 V ya pa mwendo wa VDDI pali resistor ya 1.5k, ndipo imeneyi ndi imene imauza kompyuta kuti pabwera chipangizo cha full speed, cha liwiro lija la 12 Mbps. Ikasowa, kompyuta siigwedezeka n'komwe. Crystal, imene imapatsa IC kugunda kwa nthawi, ndi ya 12 MHz, resistor ya 1M yopingasa miyendo yake, ndi ma capacitor awiri opita ku ground. Kukula kwawo kumatengera crystal: ya load ya 18 pF imafuna cha m'ma 27 pF mbali iliyonse. Pa miyendo ya VCOM ndi VCCCI pamafunika 10 µF uliwonse, pa miyendo ina ya magetsi 1 µF uliwonse, ndipo akhale moyandikana ndi mwendowo, osati kutsidya kwa bolodi. Tinasankha soketi ya USB-B chifukwa imapirira kukokedwakokedwa. Wofuna USB-C aike resistor ya 5.1k pa CC1 ndi ina pa CC2, apo ayi chingwe cha C mbali zonse sichipereka magetsi.

Bolodi labwino mukalibaya pa Linux, lsusb, lamulo loonetsa zipangizo za USB, imaonetsa nambala yoyamba ndi 08bb, ndipo dzina limabwera kuti USB Audio CODEC. Anayi anatero. Bolodi lachisanu linakana: Windows inati chipangizo sichikudziwika, ndipo pa Linux dmesg, yoonetsa mauthenga a kompyuta, inalemba "device descriptor read/64, error -71". Uthenga umenewo ndi wothandiza. Ukutanthauza kuti kompyuta yaiona 1.5k ija, koma ikafunsa dzina sikuyankhidwa. Choncho magetsi alipo, vuto lili pa mawaya awiri a data kapena pa crystal. Tinasintha chingwe kaye, chifukwa ndi chosavuta. Sizinasinthe. Oscilloscope pa mwendo wa XTO, probe ili pa x10, sinaonetse 12 MHz. Titachotsa ma capacitor a crystal n'kuwayeza, imodzi inali 100 nF. Tima capacitor ta SMD tilibe zolemba, ndipo tikasakanikirana pa tebulo n'kovuta kutisiyanitsa ndi maso. Ndi katundu wolemera chotero crystal singayambe. Poyeza zimenezi bolodi likhale pa kompyuta, osati pa chaja ya foni, chifukwa IC ikapanda kumva kompyuta imagona ndipo zimene mita ikuonetsa zimasocheretsa.

Kuyambira Lachitatu inali nkhani ya phokoso. Kayezedwe kake n'kophweka. Lumikizani polowera mawu ku ground, jambulani masekondi khumi pa pulogalamu ya Audacity, kwezani zojambulazo ndi 40 dB, mverani pa mahedifoni, kenako tsegulani Plot Spectrum. Chimene chinamveka ndi kamluzu kopyapyala kosalekeza, ndipo pa chithunzi panaima mizere pa 1 kHz, 2 kHz, 3 kHz. Gwero lake ndi USB yeniyeniyo. Kompyuta imatumiza ndi kulandira katundu kamodzi pa millisecond iliyonse. Pa 48 kHz ndi ma byte 192 ulendo umodzi. Ulendo uliwonse IC imakoka magetsi mwadzidzidzi, 5 V imagwedera pang'ono, ndipo kugwederako kukafika ku gawo la mawu kumamveka ka 1000 pa sekondi.

Apa anthu amathamangira ferrite bead. Ikani, ndi yabwino, koma dziwani kuti ya "600 ohm" imakhala 600 ohm pa 100 MHz. Pa 1 kHz ndi waya chabe. Ena amaunjika capacitor yaikulu pa 5 V. Malamulo a USB salola kupitirira 10 µF mwachindunji pa VBUS, waya wa 5 V wa USB, chifukwa pobaya imameza magetsi ambiri nthawi imodzi ndipo ma laputopu ena amatseka potiyo. Chothandiza ndi chimene pepala la IC limalangiza: mwendo wa VCCCI, umene umadyetsa gawo losandutsa mawu, upatsidwe magetsi ake kuchokera ku regulator yapadera ya phokoso lochepa, pakati pa 3.6 ndi 3.85 V. Malo ake tinali titasiya pa bolodi. Mwendo woyatsira regulator umalumikizidwa ku mwendo wa SSPND wa IC kuti kompyuta ikagona nayo izime. Itaikidwa, mizere ija inatsika kwambiri.

Pa mabolodi awiri kamluzu kanatsalabe, mbali ya kumanzere. Waya wochokera pa jeki unadutsa pamwamba pa crystal, mbali ndi mbali ndi D+. Tinaufupikitsa, n'kuupota pamodzi ndi ground yake, n'kuudutsa m'mphepete mwa bolodi. Kanatha. Malinga ndi pepala lake, mbali yojambula ya IC imeneyi imafika 89 dB pakati pa mawu aakulu ndi phokoso, yotulutsa 96 dB. Simudzaposa pamenepo, koma waya umodzi woyenda molakwika ukhoza kukulandani gawo lalikulu.

Kukula kwa mawu ndiye kumene kumawononga zojambula zambiri. IC imadzaza cha pa 2 V kuchokera nsonga mpaka nsonga, kapena kuti 0.7 V rms. Mikisa ikaloza 0 pa mita yake nthawi zambiri imatulutsa +4 dBu, yomwe ndi 1.23 V rms, ndipo ng'oma ikalira imapitirira apo kutali. Mukalumikiza mwachindunji nsonga za mawu zimadulidwa, ndipo zodulidwa sizikonzeka pa kompyuta. Tinaika chochepetsa: 10k panjira, 3.3k kupita ku ground, kenako capacitor ya 1 µF kulowa mu IC. Polowera pa IC pali 30k yakeyake, ndiye powerengera muiphatikize. Zonse pamodzi zimatsitsa mawu ndi pafupifupi 13 dB, ndipo IC imadzaza mikisa ikafika cha pa +12 dBu. Capacitor ija siyodumpha ayi. Mwendo wolowera umakhala pa theka la VCCCI, ndipo popanda capacitor resistor ya 3.3k imaukokera pansi, mawu n'kupotoka.

Potulukira tinaika op-amp yothandiza kukankha chingwe chachitali. NE5532 ndi TL072 zimapezeka paliponse m'ma amplifier akufa, koma pa 5 V imodzi yokha sizigwira bwino. Zimafuna magetsi okulirapo. OPA1662 imayamba pa 3 V, ndiye imakwana. Pambuyo pake pali 100 ohm panjira ndi 10 µF yotchinga DC. Kumbukirani kuti PCM2902 imauza kompyuta kuti idya 100 mA basi. Wofuna kuwonjezera zambiri asankhe PCM2906, imene imapempha 500 mA. Maikolofoni ofuna 48 V bolodili silingawadyetse. Imeneyo ndi ntchito ya mikisa.

Loweruka tinayesa pa mikisa yeniyeni, ma amplifier ali oyaka. Laputopu ili pa batire, zii. Titabaya chaja, m'masipika munabwera mng'ung'udzo wa pansi, ndipo Plot Spectrum inaonetsa 50 Hz ndi anzake 100 ndi 150, kugunda kwa magetsi a pakhoma. Bolodi lilibe mlandu pamenepa. Laputopu ili ndi njira yake yopita ku earth, mikisa ili ndi yake, ndipo chingwe cha mawu chalumikiza ziwirizo kukhala mkombero woyendamo magetsi. Choyamba, bayani zonse pa extension imodzi. Zikakanika, ikani transformer ya mawu ya 1:1 pa mbali iliyonse pakati pa mikisa ndi bolodi, kapena chodula ground cha pa USB chokhala ndi ADuM3160, chimene chimakwana chifukwa IC yathu siipitirira 12 Mbps. Ife tinaika ma transformer. Kuthyola mwendo wa earth pa pulagi kumathetsadi phokoso, ndipo ambiri amachita, koma tsiku limene amplifier idzalole magetsi kukhudza bokosi lake, njira yotsala ndi munthu wogwira maikolofoni.

Pa Windows lowani pa zosintha za chipangizo chojambulira, sankhani 2 channel, 16 bit, 48000 Hz, chifukwa nthawi zina imayamba ili pa mbali imodzi, ndipo level ikhale pa 0 dB. Kukweza ndi kutsitsa kuchitike pa mikisa, nsonga za mawu zizifika cha pa -12 dB pa mita ya Audacity kapena OBS. Mabolodi onse asanu anatsukidwa flux ndi isopropyl, analowa m'mabokosi a aluminiyamu olumikizidwa ku ground pa malo amodzi pafupi ndi soketi ya USB, ndipo lililonse linajambula ola lathunthu osaduka lisanatsekedwe.