Zikomo nonse, nkhani ija ndamaliza kulemba

Usiku wa dzulo ndalemba tsamba lomaliza la nkhani imene ndinaiyamba patangotha miyezi iwiri chiwaikireni mayi m'manda. Yadzaza makope 6, olembedwa mbali zonse mpaka pachikuto. Ndisanayambe kuganiza za kumene ipite, ndati ndiyambe ndathokoza, chifukwa alipo ambiri amene aigwira nkhaniyi ngakhale sanagwire cholembera.

Amene mumandidziwa pano pa Lizulu mukukumbukira kuti mayi anatisiya mu June 2022, kukuzizira kwambiri. Ndinali ndi zaka 21, ndipo anandisiyira azing'ono anga awiri ndi mlongo wanga wamng'ono. Anthu atabalalika pa siwa, tsitsi titameta, ndinadzuka m'mawa wina n'kupeza kuti wofunsidwa za ufa, sopo ndi fizi ndine. Ndinatenga malo a mayi pamsika, kugulitsa kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu wa M1, kuthamangira minibasi iliyonse ikaima. Aliyense ankandiuza kuti ndilimbe mtima chifukwa cha ana. Ankanena zoona. Koma kulira kwanga kunalibe malo, ndiye ndinakupititsa m'kope.

Nkhaniyi ndi ya mtsikana wamasiye amene akulera abale ake. Pamsika akumana ndi mnyamata wa tsidya lina la msewu, wa ku Angónia, amene amabweretsa tomato pa njinga. Kwa inu akutali, kuno msewu ndiwo malire: ukauwoloka uli m'Mozambique, koma chilankhulo ndi chomwechi, maliro timayenderana, ndipo ambiri ndife pachibale. Mnyamatayo ndiye munthu woyamba kumufunsa mtsikanayo ngati iyeyo wadya, ena onse amangofunsa za ana. Akondana. Tsiku lomanga chiliza cha mayi ake, abale atasonkhana, zidziwika kuti mnyamatayo ndi mwana wa amayi ake aakulu, amene anakwatiwa ndi munthu wothawa nkhondo n'kupita naye kwawo mtendere utabwera mu 1992, osabweranso. Akanakhala mwana wa amalume kapena wa azakhali, bwenzi ali msuweni, ndipo akulu akanangoseka. Koma ana a akazi apachibale ndi a bere limodzi. Ameneyo ndi mlongo wake, palibe nkhoswe ingaime pa ukwati wotere.

Amalume, ndiyambe ndi inu. Pamene ndinakupatsani kope lachitatu ndinkanjenjemera, chifukwa mwinimbumba wa m'nkhaniyo ndinamulemba ngati chilombo, munthu wongoletsa ndi kukalipa. Munakhala pakhonde masana onse, magalasi anu omanga ndi ulusi aja ali pamphuno, tiyi mpaka kuzizira. Mutamaliza simunakwiye. Munangondifunsa kuti, kodi munthu ameneyu mlongo wake atamwalira, iyeyo sanalire? Funso limenelo linandigonetsa mochedwa masiku angapo. Ndinazindikira kuti inunso munaika m'manda mlongo wanu, munagula bokosi pogulitsa mbuzi zanu ziwiri, ndipo sindinakufunsenipo kuti mukumva bwanji. Ndinang'amba masamba 40 n'kuyambiranso. Tsopano mwinimbumba uja amaletsabe chikondicho, chifukwa sangachitire mwina, koma amachoka pabwalo n'kukakhala yekha kuseri kwa nkhokwe mpaka kuda. Gawo limenelo ndi lanu, amalume.

Agogo, inu simuwerenga, koma munandikhazika pa mkeka n'kundifotokozera mmene zinalili anthu othawa nkhondo atadzaza midzi ya kuno ndi ya ku Dedza, mmene munkagawana nawo minda, ndi mmene mabanja anasokonekerana mpaka ana ena kukula osadziwa kuchikazi kwawo. Popanda inu nkhani yanga ikanakhala yopanda mizu. Munandidzudzulanso pamene ndinalemba kuti adzukulu anadya asanamalize kukumba manda mopanda mwambo wake, ndipo ndinakonza.

Ndithokozenso aphunzitsi anga a Chichewa a ku sekondale, amene tsopano anapuma ntchito. Ankabwera pamsika kudzagula kabichi n'kutenga kope limodzi m'thumba, sabata yotsatira n'kulibweza lili lofiira ndi inki. Ndiwo anandiletsa kuwathawitsira ku Lilongwe awiriwo kuti nkhani ithe mokoma. Anati mtsikana amene wakhala masamba onsewa akuphikira ana sangawasiye usiku umodzi chifukwa wolemba watopa. Ndinakangana nawo, koma ankanena zoona. Nkhani zambiri zachikondi zimene achinyamatafe timatumizirana pa foni zimakhala za anthu opanda katundu pamutu, ongoganiza za okondedwa awo tsiku lonse. Atsikana amene ndimawadziwa ine amakonda ali ndi mwana wa mayi awo kumsana. Ndinkafuna mmodzi wa iwo adzipeze m'buku, aone kuti kukonda munthu uli pachisoni si kuiwala womwalirayo, ndipo kuti kumusiya munthuyo chifukwa cha abale kumapweteka ngati maliro achiwiri, amene palibe amabwera kudzakupepesa.

Amayi anzanga a pamsika, zikomo pondiyang'anira mulu wanga ndikathamangira kusukulu kwa ana. Amayi a kumpingo, ufa umene munabweretsa mwezi wa February chaka chathachi unatifikitsa pa zokolola. Mnzanga wa pa shopu yotchajira mafoni, wandilembera makope atatu pa kompyuta osandilipiritsa, ndipo ukudikira otsalawo. Anzanga a pa WhatsApp amene munkawerenga zigawo usiku n'kumandifunsa kuti kenako chinachitika n'chiyani, panali masiku amene ndikanasiya, koma ndinkadziwa kuti mukudikira.

Ena mwakhala mukundifunsa kumbali ngati mtsikanayo ndine. Chisoni chake ndi changa, ana akulerawo ndi anga. Mnyamatayo ndinamupeka, ngakhale kuti zoterezi zinachitikapo m'midzi ya m'malire muno. Chimene sindinapeke ndi njala ija yofuna munthu mmodzi woti akufunse za iwe mwini.

Pomaliza, ana a mayi anga. Iwe wotsatana nane, unkatsuka mbale ndi kuwagoneka anzako kuti ine ndilembe pa tochi ya foni, chonsecho unali ndi mayeso a MSCE patsogolo. Ndinapeza tsiku lina kuti unkawerenga makopewo mobisa, chifukwa tsamba lonena za tsiku limene mayi wa m'nkhaniyo anamwalira linali lonyowa n'kuumanso, inki itayenderera. Sitinakambirane. Lero ndikukuuza kuti ndinaona, ndipo tsamba limenelo sindinalikoperenso, ndalisiya momwemo. Iwe mlongo wanga, zikomo pondibwereka cholembera chako chokhacho usiku, n'kumachitenga m'mawa popita kusukulu. Ndipo iwe chitsirizira, amene unali ndi zaka 5 mayi akutisiya, ukandipeza ndikulemba umandifunsa ngati ndikulembera mayi kalata.

Loweruka likubwerali tonse anayi tikalambula pamanda. Nditenga kope loyamba, ndikawawerengere mayi tsamba loyamba lija, pamene mtsikanayo akuyatsa moto m'mawa woyamba anthu atabalalika, n'kupeza kuti watunga madzi osamba a anthu asanu.