Inde, ndinaphika sensa

Inu amene mukumandiimbira foni usiku n'kumafunsa ngati zapsa, imvani kwa mwini nkhani. Sensa ya galimoto, kachipangizo koyeza kutentha kwa madzi a mu injini, ndinaiphikadi. Koma panali chifukwa.

Galimoto inkapapira mafuta, utsi uli bii kumbuyo, fani ikungolira ngakhale injini isanatenthe. Titalumikiza kamakina kofufuzira mavuto, kanaonetsa P0118, nambala yosonyeza vuto la ku sensayi, n'kunena kuti madzi a mu injini ali pa madigiri 40 pansi pa ziro. Ine thukuta lili kamukamu, koma kompyuta ya galimoto ikulumbira kuti taundana, n'kumathira mafuta ambiri kuti injini isafe ndi chisanu.

Kasensa koyeza kutenthaka kamakhala pafupi ndi thermostat, kavavu kotsegulira madzi kupita ku lediyeta injini ikatentha, ndipo kukayesa sikufuna digiri ya ukachenjede. Kakazizira, mita yoyezera magetsi imawerenga ma ohm (muyeso wa momwe chinthu chikukanira magetsi) cha m'ma 2,000 mpaka 3,000. Kakatentha, manambala amatsika kufika cha m'ma 200 kapena 300. Ndiye tandiuzani inu anzeru, madzi otentha ndikanawapeza kuti ngati si kukhitchini?

Mayi a kunyumba anandipeza nditawerama pa mbaula, kasensa kakulendewera pa chingwe, mawaya awiri akutuluka m'poto wawo watsopano uja, ine ndikutakasa ndi sipuni kuti kutentha kufanane paliponse. Anaima pakhomo. Anayang'ana poto, anayang'ana ine, anabwereranso ku poto. Madzi akuyamba kutentha, ine ndikuwerenga mokweza kuti ndioneke katswiri: 900, 700, 500. Ndinayesa kumwetulira, sanandilandire. Patadutsa ngati chaka chathunthu, anafunsa ndi ulemu wonse: "Abambo, kodi ndithiremo mchere?"

Madzi aja asanazizire n'komwe, nkhani inali itafika kale kwa inu, itameranso mapiko. Sindinalawe, amenewo ndi mabodza. Ndiponso ine ndinadikira injini izizire ndisanamasule chilichonse, osati ena mwa inu amene munatsegula chivindikiro cha lediyeta ili moto, zipsera tikuziona.

Kuyesako kunayenda bwino kwambiri moti kunasonyeza kuti sensa inalibe mlandu. Vuto linali waya wa pa pulagi yake, wodukira m'kati, yemwe ndinamugwira ndi dzanja langali pozula. Waya akaduka, kompyuta imangoona ngati kunja kwazizira kotheratu, ndiye 40 uja.

Amakanika anamulumikiza uku akulankhula pa foni ndi munthu wina.