Lachitatu: ndaiona Blue Train ndi maso anga

M'mawa ndinadzera pa siteshoni ya Pretoria, ndipo mwamwayi ndinapeza Blue Train, sitima yapamtunda yapamwamba ya ku South Africa, itaima. Mabogi ake a buluu anali phuliphuli, kanzere kachikasu katadutsa m'mbali. Pakhomo panaima bambo wovala yunifolomu yositidwa bwino, akulandira zikwama za azungu awiri okalamba. Ndinachedwa kuntchito chifukwa choiyang'ana.

Masana onse mutu unali pa sitimayi. Inayamba mu 1923 ndi maina awiri, Union Limited ndi Union Express, ntchito yake kunyamula anthu achuma kuchokera ku Johannesburg kukakwera sitima zapamadzi za kampani ya Union-Castle ku Cape Town, ulendo wa ku Southampton ku England. Mabogi achitsulo oziziritsa mkati anafika kuchokera ku Britain mu 1939, koma sanakhalitse pa njanji: nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itakula, anaimitsa sitimayi mu 1942. Itayambiranso mu 1946 m'pamene dzina loti Blue Train, lomwe anthu ankaitchula kale chifukwa cha mtundu wake, linakhala lovomerezeka. Zaka zotsatirazo ndiye zinali za ulemerero wake. Munthu ankagona pabedi lenileni, kudya patebulo loyalidwa nsalu yoyera, kwinaku chipululu cha Karoo chikudutsa pawindo. Kenaka ndege zinalanda okwera, ndipo sitima za Union-Castle zonyamula makalata zinaleka mu 1977. Blue Train inapulumuka posanduka ya alendo oona malo. Anapanga mabogi atsopano mu 1972, n'kuwakonzanso mu 1997, ndipo mpaka lero mwamuna sapita ku chakudya chamadzulo wopanda jekete ndi tayi.

Sindibisa, sitimayi ndi yokongola, ndipo amene anaipanga ndimawachotsera chipewa. Koma chandivutitsa mumtima tsiku lonse n'chakuti m'zaka zomwezo, anthu akwathu opita ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, ankatera pa ndege ku Francistown ku Botswana, n'kulongedwa m'mabogi a mabenchi olimba mpaka ku migodi. Golide amene ankalemeretsa Johannesburg, mzinda wa okwera Blue Train, ankakumbidwa ndi manja ngati awo. Malamulo a tsankho ankalekanitsa anthu ngakhale pogula tikiti ndi podikirira sitima.

Madzulo ndafotokozera achimwene amene ndimagona nawo nyumba imodzi. Iwo angopukusa mutu n'kunena kuti agogo awo anabwerako ku migodi ndi wailesi, bulangete ndi chifuwa chimene sichinathe.