Mchenga wosapukutika

Lolemba m'mawa ndinalemba pa khadi la ntchito mawu awiri amene ndinadzachita nawo manyazi mawa lake: "Palibe vuto".

Ntchito yanga ndi yoyeza ndi kukonza matabuleti ndi mafoni. Chida chimene kasitomala wabweza chimayamba chafika patebulo langa, ndipo ine ndiye ndimanena ngati dandaulo lake ndi loona. Tsiku limenelo kunabwera mayi ena achikulire amene ntchito yawo ndi kuwerenga zolemba za anthu n'kumakonza zolakwika zisanasindikizidwe. Anali atangogula tabuleti ya sikirini ya mtundu wa OLED, atasiya yakale ya mtundu wina wotchedwa LCD imene inawatumikira zaka zambiri. Ati sikirini yatsopanoyo ili ndi mchenga m'kati, ndiponso zilembo sizikukhazikika m'maso ngati pa yakale ija.

Ndinapukuta galasi, ndinakweza kuwala mpaka pamapeto, n'kutsegula zithunzi zathu zoyesera: chofiira, chobiriwira, cha buluu, choyera. Zonse zinali zosalala bwinobwino.

"Amayi, sikiriniyi ilibe chilema," ndinatero. "Mwina maso sanaizolowere chabe."

Anandiyang'ana kanthawi ndithu. "Mwananga, maso awa anayamba kusaka mipumiro yosowa iwe usanabadwe. Ndikusiyira. Ukaiyang'ane usiku."

Lachiwiri sindinadikire usiku. Ndinalowa nayo m'kachipinda kosungira katundu, komwe kulibe zenera, n'kuzimitsa getsi. Ndinatsitsa kuwala mpaka pafupi ndi pansi penipeni, n'kutsegula pulogalamu imene mayiwo amawerengera. Anali ataiika pa dark mode, pomwe zilembo zimakhala zoyera pa malo akuda, koma kumbuyo kwa zilembo sikunali kwakuda bii, kunali kotuwa moderapo. Poyamba sindinaone kanthu. Patapita mphindi ziwiri kapena zitatu, maso atazolowera mdima, mchenga uja unatulukira: timadontho tina towalirapo, tina toderapo, titamwazika ponseponse. Nditakankha tsamba ndi chala, zilembo zinayenda koma mchengawo unatsala pomwepo. Apa m'pamene ndinadziwira kuti suli m'pulogalamu kapena m'chithunzi, uli m'sikirini mwenimwenimo.

Ife a ntchitoyi timautchula kuti mura, mawu a Chijapani onena za chinthu chosalingana. Gwero lake ndi mmene OLED imapangira kuwala. Pa LCD kuwala kumachokera ku nyali za kumbuyo, n'kudutsa m'timapepala tokumwaza mofanana, ndipo ma pixel, timadontho timene timapanga chithunzi, amangokhala ngati timazenera totseka ndi kutsegula. Pa OLED kadontho kalikonse kamawala pakokha ndi tinyali take, ndipo kanyali kalikonse kali ndi tizipangizo takenake totchedwa ma transistor, toyeza magetsi amene kalandire. Tabuleti ya mayiwa ili ndi ma pixel 2560 m'litali ndi 1600 m'lifupi, kutanthauza opitirira mamiliyoni 4, ndipo iliyonse ili ndi tinyali titatu. Ma transistor ochuluka chonchi sangatuluke m'fakitale ali ofanana ndendende. Kuwala kukakhala kwambiri, magetsi amayenda ambiri ndipo kusiyanako kumabisika. Koma pa mtundu wotuwa moderapo, tinene mlingo 15 kapena 20 pa milingo yoyambira 0 kufika 255, magetsi ofika pa kanyali amakhala ochepetsetsa, moti kuphonya pang'ono kumakhala gawo lalikulu la kuwala konseko. Potunga ndi ndowa, dontho limodzi lotayika palibe amalizindikira. Poyeza ndi kasupuni, dontho lomwelo ndi nkhani.

Opanga masikirini amalidziwa vutoli. Sikirini isanachoke m'fakitale imajambulidwa ndi kamera yamphamvu pa milingo ingapo ya kuwala, kenako kompyuta imawerengetsa kuti kanyali aka kawonjezeredwe magetsi, aka kachepetsedwere. Manambala okonzerawo amasungidwa m'kachip ka sikiriniyo, ndipo ntchitoyi amaitchula kuti demura. Imachotsa zambiri koma siimaliza zonse, makamaka kumunsi kwenikweni kwa kuwala. Ndipo patebulo ngati langali palibe chimene ndingachitepo. Ndilibe kamerayo, ndilibenso njira yolembera manambalawo.

Ndinayesa kuujambula mchengawo ndi foni kuti ndikaonetse abwana. Chithunzicho chinatuluka choopsa kuposa zimene maso anaona, chifukwa mumdima kamera imawonjezera mchenga wakewake, ndiponso mizere ya ma pixel ake ikakumana ndi ya sikirini pamabadwa timafunde tabodza. Ndinachifufuta. Anthu ambiri amabwera atakwiya kale chifukwa cha zithunzi zoterezi, ndipo sindinafune kuti nanenso ndinamize munthu nacho.

Lachitatu kunabwera bambo wina ndi dandaulo lomwelo la mchenga, koma wake unkaoneka masana dzuwa likuswa mtengo, pa tsamba loyera, ukunyezimira timitundu tosiyanasiyana. Ndinangoyendetsa chikhadabo m'mphepete mwa galasi. Anali atamatapo kapepala kotetezera, kokhakhala kaja kamene kamachititsa kuti cholembera chizimveka ngati chikuyenda papepala. Kukhakhala kwakeko kumapindapinda kuwala kwa tinyali tija. Titakamatula, mchenga unatha, bamboyo n'kuyamba kudandaula kuti tsopano akudziona nkhope pagalasi. Ndinamuuza kuti asankhepo chimodzi.

Masana ake ndinabwerera ku dandaulo lachiwiri la mayi aja, la zilembo, lomwe linandivuta kuposa loyamba. Ndinaika tabuletiyo pansi pa maikulosikopu, n'kuitana mnyamata amene akuphunzira ntchito kwa ine. Anasuzumira kamodzi n'kunena kuti akungoona mitundu yambirimbiri. Ndinamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, asuzumirenso ndipo awerenge. Pa LCD yakale imene tinaika pambali, pixel iliyonse inali timizere titatu toimirira, tofanana kukula: kofiira, kobiriwira, ka buluu, mzere ndi mzere ngati asilikali pa perete. Pa OLED ya mayiwa kofiira ndi kobiriwira tinali tosanjikizana, kena pamwamba kena pansi, ndipo ka buluu kanali kakatali, kataima pambali pa tiwiri tonseto.

"Nanga buluuyu wakuliranji, achimwene?" anafunsa.

Buluu ndiye mwana wovuta m'banjamo. OLED imene Ching W. Tang ndi Steven Van Slyke anaonetsa ku kampani ya Eastman Kodak mu 1987 inkawala mobiriwira, ndipo mpaka lero mankhwala otulutsa buluu amadya magetsi ambiri komanso amakalamba msanga kuposa anzake. Akamupatsa malo aakulu, safunika kumukakamiza kwambiri kuti awale, ndiye amakhalitsa. Kenako tinaikapo foni ya mnyamatayo. Pamenepo m'pamene anadabwa zenizeni, chifukwa tinyali tofiira ndi ta buluu tinali theka la tobiriwira, titayalidwa mopingasa. Kayalidwe kameneka ndi PenTile, kamene kanayambira ku kampani ya Clairvoyante, Samsung n'kudzagula luso lake mu 2008. Pa foni ya ma pixel opitirira 400 pa inchi diso silizindikira kanthu. Tabuleti ya mayiwa si ya PenTile, ili ndi tinyali tonse titatu, koma ma pixel ake ndi pafupifupi 250 pa inchi, ndiye aakulupo ndithu. Titatsegula chilembo cha E choyera pa malo akuda, m'mphepete mwa kamzere kalikonse kogona munkatuluka kufiira pamwamba, kubiriwira pansi. Kochepa kwambiri, koma kalipo.

Lachinayi tinatsutsana ndi abwana pafupifupi ola lathunthu. Iwo anagwira pa nambala. Anandikumbutsa kuti Steve Jobs, mkulu wa kampani ya Apple panthawiyo, posonyeza iPhone 4 mu 2010, ananena kuti pa ma pixel pafupifupi 300 pa inchi, chida chili mainchi 10 mpaka 12 kuchokera kumaso, diso silithanso kulekanitsa timadontho. Tabuleti munthu amaigwirira patali kuposa foni, ndiye 250 ndi yokwana. Masamuwo ndi oona, sindinawakane. Diso la munthu woona bwino limalekanitsa tinthu totalikirana gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri, ndipo pa 250 malire amenewo amagwera pa masentimita pafupifupi 35. Koma mayi aja ndinawaona mmene anaigwirira Lolemba lija: pafupi ndi mphuno, magalasi owerengera ali kumaso, mwina masentimita 25. Komanso nambala ya pa bokosi imangonena kuchuluka kwa ma pixel, sinena kuti m'kati mwa pixel kuwala kwakhala pati.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachiganizira. Zilembo za pasikirini zimasalazidwa m'mphepete ndi pulogalamu. Pa makompyuta, Microsoft inalengeza ClearType mu 1998, njira yodalira timizere titatu toimirira tija kuti zilembo zioneke zosalala. Tabuleti imatembenuzidwa uku ndi uku, ndiye kawirikawiri amangosalaza ndi kutuwa, ngati kuti pixel iliyonse ndi kabokosi kowala mofanana paliponse. Pa LCD bodza limeneli silipweteka kwenikweni. Pa OLED, pomwe kufiira kuli pamwamba, kubiriwira pansi, buluu pambali, ndiponso kuda kuli kwakuda zenizeni moti palibe chobisa m'mphepete mwa chilembo, munthu wowerenga tizilembo tating'ono maola asanu ndi atatu patsiku amamva kuti china chake sichili bwino, ngakhale sangathe kuchiloza. Woonera mafilimu sangadandaule n'komwe, ndipo ineyo pa mafilimu OLED sindingaisinthanitse ndi chilichonse.

Abwana anamaliza ndi kunena kuti chidacho chili m'malire amene opanga amalola, ndiye sitingalembe kuti n'chowonongeka, koma mayiwo angathe kusinthitsa ngati akufuna. Ndinavomera. Ndinangopempha kuti pa khadi lathu tiwonjezere mafunso atatu: kasitomala amaika kuwala pa mlingo wanji, amagwiritsa ntchito chidacho powala kapena mumdima, ndipo amachigwirira patali bwanji. Zithunzi zotuwa moderapo ndinaziwonjezera ndekha pa zoyesera zathu, osapempha munthu.

Lachisanu mayi aja atabwera ndinawalowetsa m'kachipinda kamdima kaja, momwe ndinali nditayala matabuleti atatu a mtundu womwewo, yawo ndi ena awiri atsopano. Onse atatu anali ndi mchenga, koma wosiyana. Imodzi inali yosalala kuposa zinzake, ina inali ndi kamzere koderapo cha kumanzere. Ndinawaonetsanso kuti kumbuyo kwa zilembo kukakhala kwakuda bii, tinyali timazimiratu ndipo mchenga ulibe pokhala; kukakhala koyererapo ngati pepala, kuwala kutakwezedwa pang'ono ndipo nyali ya m'chipinda ili yoyaka, suonekanso. Za zilembo ndinawauza zoona, kuti kusinthitsa sikuthandiza, chifukwa kayalidwe ka tinyali n'kamodzi pa onse atatu. Chimene chingathandize ndi kukuza zilembo pang'ono, kusankha zonenepako, ndi kuikankhira tabuletiyo patali.

Anakhala chete nthawi yaitali, akusuntha mutu kuchoka pa ina kupita pa ina. Sanasankhe imene ine ndinaiona kuti ndi yosalala kwambiri. Anatenga yawo yomwe ija, ati mchenga wake auzolowera kale, ndipo chimene ankafuna n'chakuti wina awauze kuti si maso awo amene ayamba kufa.

Ndinawapatsa khadi kuti asayine. Anawerenga mzere wa Lolemba uja, umene ndinali nditaukhwatcha, kenako ndime yaitali imene ndinalemba pansi pake. Anatulutsa cholembera chofiira m'chikwama, n'kuika mpumiro kumapeto kwa chiganizo changa chomaliza, pomwe ndinauiwala, kenako anasayina.