Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chihebri pakhonde la abusa

Zikomo nonse amene munandilembera sabata yatha, makamaka inu amayi a ku Leeds amene mwati munalira powerenga za maliro a bambo a ana anga. Ambiri mwafunsa kuti mayi wamasiye wogulitsa mandasi Chihebri anachitola kuti.

Mukukumbuka kuti alamu anga anabwera ndi lole nkunyamula katundu yense, mpaka makina anga osokera. Chimene sindinakuuzeni nchakuti apongozi anga anakana kukwera loleyo. Ana awo anawakalipira, amvekere, "Amayi, tiyeni kumudzi, uyu si mwana wanu." Iwo anangoyala chitenje pansi nkukhala, osayankha. Lole inaliza huta mpaka anthu kudzadza pamsewu, koma iwo phee. Usiku umenewo tinagona pasimenti, ana pakati, ine uku iwo uko. Ndinkawamva akutsokomola, akulimbana ndi misozi kuti ndisadziwe. Mwana anali atamwalira ndi wawo, komabe m'mawa ndi iwo amene anakoleza moto.

Kupemphera kunandikanika. Tsiku lina kumapemphero a Lachinayi tinawerenga Salimo 136, ndime zonse 26 zikungobwereza kuti "chifundo chake nchosatha", ndipo ndinatuluka mtima ukuwawa. Abusa ena opuma pantchito, amene ankandigula mandasi, ndinawauza mosabisa kuti chifundo chimenecho ine sindikuchiona. Sanandidzudzule. Analowa m'nyumba nkutulutsa Baibulo lachihebri, nalitsegula kuchokera kumene ife timati kumbuyo.

Zilembo zake zilipo 22, ndipo zimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Alefu, beti, gimelu, ndinkaloweza ndikukazinga. Chondivuta chinali timadontho tapansi pa zilembo, tooneka ngati chitosi cha ntchentche, timene alembi achiyuda otchedwa Amasorete anawonjezera patapita zaka mazana ambiri kuti katchulidwe kasaiwalike.

Mawu oti chifundo a m'salimo lija m'Chihebri ndi hesed. Abusa anati si chisoni chongomvera munthu patali ayi, koma kukhulupirika kwa amene wamangana nawe ubale, amene sachoka ngakhale njira yochokera ili yotseguka. Anandionetsa kuti m'buku la Rute mawuwa alimo katatu: pa 1:8, 2:20 ndi 3:10. Rute akanatha kubwerera kwao ku Moabu monga anachitira Olipa, koma anakakamira apongozi ake, Naomi. Kwathu zinatembenuka: apongozi ndiwo anakakamira ine. Ndinaonanso kuti Naomi atafika ku Betelehemu anati azimutcha Mara, kutanthauza kuwawa, ndipo palibe anamutseka pakamwa. Ine anthu ankangondiuza kuti ndilimbe mtima.

Inu achimwene amene munalemba kuti chilembo chilichonse chachihebri chili ndi chinsinsi ndi nambala yotsegulira madalitso, pepani, sindikuvomereza. Zilembozo zimaimiradi manambala, koma tanthauzo la mawu limapezeka m'chiganizo ndi m'nkhani yonse. Ndaona amasiye anzanga akupereka ndalama ya ufa kwa ogulitsa zinsinsi zoterezi. Ndipo inu amene munati Chihebri ncha abusa okha, mkazi chimukhudza chiyani: ku Israeli atsikana amachilankhula pogula buledi.

Zaka zinadutsa, ana anakula, ndinagulanso makina. Apongozi maso atayamba kuchita chidima, ankandiuza kuti ndiziwawerengera Rute m'Chihebri ngakhale samamvapo kanthu, ati chimamveka bwino. Atadwala kwambiri, alamu aja anabweranso ndi galimoto kudzawatenga. Zimene tinauzana pakhomo tsiku limenelo ndikufotokozerani Loweruka.