Zimene magazi angatiuze za kala-azar munthu asanadwale

Pa ntchito yanga yoyeza magazi kuno ku Mzuzu ndinazolowera zotsatira zimene zimangonena kuti inde kapena ayi, monga kachida koyezera malungo kamene mzere wake wachiwiri umaoneka kapena suoneka. Matenda a kala-azar, amene madokotala amawatcha visceral leishmaniasis, akhala akundiganizitsa kwambiri chifukwa pa matendawa yankho lotere silikwanira.

Amayamba ndi tizilombo ta Leishmania timene timalowa m'thupi munthu akalumidwa ndi kantchentche kakakazi kotchedwa sandfly, ndipo avutitsa kwambiri anthu a ku India, Sudan, South Sudan, Ethiopia, Kenya ndi Brazil. Wodwala amatentha thupi kwa masabata, amaonda, magazi amachepa, kapamba ndi chiwindi zimatupa. Bungwe la WHO limati odwala oposa 95 mwa 100 alionse amamwalira akapanda kulandira mankhwala. Komabe anthu ambiri amene tizilomboti tawalowa sadwala konse. Amalima ndi kuweta ngati wina aliyense. Funso ndi lakuti, pakati pa anthu ooneka athanziwa, ndani amene adzagone pamphasa miyezi ikubwerayi?

Njira imene imandichititsa chidwi ndi yotchedwa DAT, yoyeza kuchuluka kwa ma antibody, asilikali a m'magazi amene thupi limapanga likakumana ndi tizilombo. Madzi a m'magazi amasungunulidwa mobwerezabwereza m'timaenje ta kambale kapulasitiki, kaenje kalikonse kukhala kosungunuka kawiri kuposa kam'mbuyo mwake, kenako amathiramo tizilombo takufa topakidwa utoto wabuluu n'kusiya usiku wonse. M'mawa, pamene mulibe ma antibody pamaoneka kadontho kakang'ono pansi, ndipo pamene alimo utoto umayala ngati kamphasa. Woyeza amawerenga kuti kamphasako kafika kaenje kachingati, ndipo nambala imeneyo ndiyo imasonyeza kuchuluka kwake.

Ofufuza amene anatsatira anthu a m'midzi ya ku Bihar ku India ndi ku Nepal kwa nthawi yaitali anapeza kuti amene anali ndi ma antibody ochuluka kwambiri, pa DAT kapena pa kuyeza kwa rK39, njira inanso yofufuza ma antibody a kala-azar, ndiwo ankadwala mochuluka kuposa anzawo, pamene amene anali nawo ochepa sankasiyana kwenikweni ndi amene analibe. Izi zingadabwitse munthu amene anaphunzira kuti ma antibody ndi chitetezo. Tizilomboti timabisala m'kati mwa maselo, mmene ma antibody safika bwino, choncho kuchuluka kwawo kumakhala chizindikiro chakuti tizilombo tikuswana, osati chakuti thupi likupambana.

Ine ndikuona kuti phindu la nambalayi n'kusankha anthu oyenera kuwayendera pafupipafupi, osati kuwapatsa mankhwala msanga. Ngakhale pakati pa amene nambala yawo ndi yokwera, ambiri sadwala, ndipo mankhwalawo si opepuka: kum'mawa kwa Africa wodwala amabayidwa jakisoni wa sodium stibogluconate ndi paromomycin kwa masiku 17, ndipo woyambayo amatha kuvulaza mtima. Vuto lina n'lakuti munthu amene anadwalapo n'kuchira amakhalabe ndi ma antibody kwa zaka, kotero woyeza ayenera kufunsa mbiri ya munthuyo asanamasulire chilichonse. Kachida ka rK39 nakonso kamagwira bwino ku India kusiyana ndi kum'mawa kwa Africa, ndiye zimene zinapezeka ku Bihar sitingangozitengera ku Sudan osaziyesanso.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu okhala ndi HIV, monga aganyu a m'minda ya chitowe kumpoto chakumadzulo kwa Ethiopia. Iwo ali pachiopsezo chachikulu chodwala kala-azar, matendawa amawabwerera kawirikawiri, koma thupi lawo likhoza kupanga ma antibody ochepa ngakhale tizilombo tachuluka. Kwa iwo nambala yotsika siyenera kukhazika mtima pansi dokotala, ndipo imafunika kuiwerenga pamodzi ndi CD4 komanso kuyeza kofufuza tizilombo tenitenito m'magazi kapena m'mkodzo.